Lamba Woyera m'Chikwama cha a Kalisto

A Sebastiano anakhuthulira chikwama cha malemu mng'ono wawo, a Kalisto, pamphasa, zinthu n'kumwazika: mbedza zadzimbiri, mpeni, kolona yoduka, kabotolo ka mchere, ndi kajumbo komangidwa pakamwa kawiri. Anakamasula ndi mano. M'katimo munatuluka lamba wa kumutu wa akazi, woyera mbee, wolukidwa ndi ulusi wopyapyala, wamabowomabowo ngati lesi ya paguwa la m'tchalitchi.

Anamunyamula ndi zala ziwiri, monga mmene munthu amanyamulira khoswe wakufa.

"Mlamu, uyu ndi wanu?"

Mayi Imelda, mkazi wa malemu, anasuzumira ali chikhalire pakona pomwe anakhalapo masiku atatu. "Iyayi, alamu. Sindinamuonepo."

"Nanga iwe Priska? Paja ndiwe woluka."

Priska anali mwana yekhayo wa malemu. Ku Nsanje Boma, kumene anakwatiwa, ankaluka malamba otere nyengo yotentha ikafika, n'kumagulitsa kwa anamwino ndi atsikana a kwaya amene safuna kuphika mitu m'maduku. Anangoyang'ana kamodzi.

"Si wanga, baba. Ine sindiluka chonchi."

"Ndiye kuti mwini wake alipo," anatero a Sebastiano, n'kutsitsa mawu ngati kuti azimayi amene anali pakhonde analibe makutu.

A Kalisto anali atagona m'manda masiku atatu. Chibayo chinawagwira ali kudambo la Ndindi kumene ankapha nsomba, ndipo pofika nawo pabwato kumudzi kuno kwa Nyachikadza anali atasiya kale kulankhula. Mawa lake linali tsiku lometa. Banjali linali lachikhristu, ndipo miyambo yambiri ya maliro linaitaya kalekale, koma panali umodzi umene a Sebastiano sakanalola kuti uphwanyidwe iwo ali moyo. Tsiku lometa, mkazi aliyense amene anagonapo mphasa imodzi ndi malemu amayenera kukhalapo, asambe mankhwala a mumphika umodzi. Akatsala mmodzi, akuti imfa siichoka pakhomo, imangozungulira n'kumasankha wina.

"Mawa sitimeta," anatero a Sebastiano. "Ndituma mnyamata wathu Gabriel apalase bwato mpaka ku Marka, ndi kutsidya konse kumene Kalisto ankagulitsa nsomba. Akafunse khomo ndi khomo mpaka mkaziyo apezeke."

"Khomo ndi khomo?" anafunsa mayi Imelda. Mawu awo anatuluka aang'ono.

"Nanga ndichite bwanji, mlamu? Mukufuna tiikenso wina mwezi wamawa?"

A Sebastiano sanali munthu woipa ayi, kungoti mantha anali atawalowa m'mafupa. M'zaka zinayi anali ataika abale atatu, ndipo masiku amenewa mdzukulu akangotsokomola, iwo mtima phaa. Anapinda lambayo, n'kumuika m'thumba la malaya awo, natuluka kukafuna Gabriel.

Masana dzuwa linafika poti ngakhale mbuzi zinasiya kudya. Priska anawapeza mayi ake kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa masau, mbale ya phala la mapira ili pambali yosakhudzidwa, ntchentche zitaipanga yawo.

"Mayi, idyani pang'ono."

"Kuyambira mu Ogasiti chikwama chimenecho sankachisiya pansi," anatero mayi Imelda, osayang'ana mwana wawo. "Ndikawapeza atachitsegula, ankachitseka msanga. Nditafunsa, anati mbedza zingandibaye. Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndakhala ndikuchapa chikwamacho, lero mbedza ziyambe kundibaya?"

"Mwina anangotola panjira."

"Chotola munthu samanga m'jumbo kawiri, mwanawe."

Priska anaingitsa ntchentche pambale ija. Bambo ake anali munthu wosalankhula zambiri, woti ukamufunsa ngati ndiwo zakoma amangotambasula mbale kuti umuonjezere. Ankakhala kudambo milungu iwiri, nthawi zina itatu, ndipo palibe amene ankafunsa. Tsopano milungu yonseyo inkabwera m'mutu mwa Priska umodziumodzi, uliwonse ndi funso lake, ndipo anachita mantha.

"Zoti anthu andiseka, aseke," anapitiriza mayi Imelda. "Gabriel akangofunsa nyumba ziwiri, nkhani ifika ku Bangula dzuwa lisanalowe, ndikudziwa. Koma chikundidya si chimenecho. Ndalira masiku atatu, mawu mpaka kutha. Ngati panali wina, ndiye kuti ndimalira munthu amene sindinkamudziwa. Ndalira yani ine?"

Chakumadzulo dzuwa litapendeka pang'ono, a Sebastiano anabwerera thukuta lili kamukamu. Gabriel anali atavomera, ndipo ankadikira kudooko ndi bwato lake kuti apatsidwe lambayo, azikaonetsa anthu. A Sebastiano analowa m'nyumba kudzatsazika.

"Baba, ndimuoneko bwino asanapite," anatero Priska.

Anapita naye pakhomo pamene panali kuwala. Lambayo anali wopepuka ngati nthenga, wotambalala zala zitatu. Priska anapotokola ulusiwo pakati pa zala. Unali ulusi wa thonje wosalala, umene iye ankachita kuitanitsa ku Limbe chifukwa m'misika ya kuno sunkapezeka.

"Ulusi uwu ndi wanga. Mu Ogasiti nditabwera kudzacheza ndinali ndi mipukutu itatu, ndinabwerera ndi iwiri. Ndinasesa nyumba yonse ino kuufuna, bambo ali pompo akundiyang'ana."

"Mwamva, mlamu?" anatero a Sebastiano, akuwomba m'manja kamodzi. "Kuba ulusi wa mwana wake kukapatsa mkazi wa kutchire kuti aziluka zake. Kalisto, mwana wa mayi anga, wandichititsa manyazi uli m'manda."

Mayi Imelda anagwira khoma. Priska ataona mayi ake chotero, ukali unamukwera mpaka m'maso.

"Ulusi wanga sangavale munthu wosamudziwa. Ndiutenga."

"Iwe, usaononge umboni!"

Koma anali atapeza kale nsonga ya ulusi. Aliyense woluka ndi singano yangowe amadziwa kuti choluka chosamalizidwa sichivuta kuphwasula: ukakoka nsonga, mzere wonse umamasuka wokha, prrr, mpaka poyambira. Priska anakoka. Ulusi sunasunthe. Anakokanso mwamphamvu mpaka unamucheka chala, koma lambayo anangokwinyika, osamasuka ngakhale bowo limodzi.

Anamuyandikitsa kumaso. Ukali uja unayamba kuzizira.

"Baba, uyu sanalukidwe ndi singano. Taonani. Bowo lililonse lili ndi mfundo yake."

A Sebastiano anapukuta manja pathalauza, nalandira. Maso awo anali atayamba kuchita chimbuuzi, choncho anayendetsa chikhadabo pamfundozo, imodziimodzi. Nawonso anali msodzi, ndipo chala chawo chinazindikira msanga kuposa mutu.

"Izi ndi mfundo za ukonde," anatero pang'onopang'ono. Anatembenuza lambayo. "Ndipo zagona chobwerera. Wamanzere anamanga izi. Mudzi wonse uno wamanzere wosoka ukonde anali mmodzi."

Anatola kajumbo kaja pamphasa n'kukakutumula. Munagwa kansungwi kosokera ukonde, koma kakang'ono, kosemedwa mopyapyala ngati kamtengo ka machesi, kali ndi ulusi woyera wotsalira. Onse atatu anakayang'ana. Priska anayesa kuganiza zala za bambo ake, zikuluzikulu zija, zong'ambika ndi minga ya milamba, zikumanga timfundo tosaoneka bwino n'komwe.

Koma a Sebastiano sanali munthu wosiya mantha ake mosavuta.

"Pyadidi, tivomere kuti analuka yekha. Ndiye nkhani yakula, osati kuchepa. Mwamuna wa imvi kukhala kudambo miyezi iwiri akuluka za akazi mobisa, mukuti mutu wake unali bwino? Wotero amakhala kuti wina wamuzunguza. Akanakhala wanu, mlamu, akanabisiranji?"

Pakhonde azimayi aja anali chete, chete wa anthu amene akumvetsera ndi thupi lonse.

"Ndipo taonani mmene anasokonekera," anapitiriza a Sebastiano, akulowetsa chala chachikulu m'lambamo. "Apa anadumpha mfundo. Bowo lonseli! Kalisto ameneyu, amene ankandinyoza ine ndikasiya diso limodzi lalikulu paukonde, ati matemba onse athawira pamenepo. Zaka makumi anayi sanalakwitsepo. Mutu unali kwina, ndikukuuzani."

Zoonadi, chakumapeto kwa mbali imodzi kunali bowo lalikulu kuposa onse, lozungulira, loti chala chachikulu n'kulowa osakhudza m'mbali. Priska anaona kuti m'mphepete mwake munali mosalala bwino, mfundo zonse zitatembenuzidwira kunja, koma sanamvetse.

"Patseni," anatero mayi Imelda.

"Mlamu, Gabriel akudikira."

"Ndati patseni, alamu."

Sanakweze mawu, koma a Sebastiano anapereka. Mayi Imelda anayang'ana bowolo nthawi yaitali. Kenaka anakweza manja n'kuyamba kumasula duku lawo lakuda. A Sebastiano anatembenuzira nkhope kukhoma, poti mkazi wa pasiwa savula duku pamaso pa mlamu wake tsiku lometa lisanafike.

"Yang'anani, alamu. Lero lokha musachite manyazi."

Anapatula tsitsi pamwamba pa khutu lamanzere. Panali chipsera chotukuka, chonyezimira, kukula kwake ngati nsawa ziwiri.

"Lata linanditema apa chaka cha madzi osefukira chija, tikuthawa pabwato. Linapola, koma kukatentha chonchi pamawawa ngati pali moto, chilichonse chikapakhudza. Duku ndimangolimba nalo mtima." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Priska, lamba uja unandilukira chaka chatha ndinamuvala Lamulungu limodzi lokha."

"Ndinkayesa simunamukonde."

"Ndinamukonda. Ankandithina pompano. Misa yonse ndinangoluma mano, koma ndinaopa kukuuza, unali utavutika naye."

"Ndiye munawauza bambo?"

"Nkhabe. Sindinauze munthu. Iwo anakhala kumbali ya amuna, ine kumbali ya akazi, ndipo pobwerera sitinakambe kanthu."

Anaika lambayo pamphumi, nazunguliza m'mbali. Anakwana ndendende. Bowo lija linagwera pachipsera penipeni, ulusi n'kuchizungulira osachikhudza.

A Sebastiano anayang'ana, nayang'ananso.

"Anayeza liti, munthu ameneyu?"

"Kaya," anatero mayi Imelda, misozi ikutsika koma nkhope ili phee. "Ine sindinamvepo dzanja lawo likundiyeza."

A Sebastiano anatola kansungwi kaja pamphasa, nakafumbata m'dzanja. Atafika pakhomo anakhosomola, n'kuuza azimayi a pakhonde kuti wina athamangire kudooko akauze Gabriel akokere bwato kumtunda, ndipo malezala apezeke lero lomwe chifukwa kumeta ndi mawa m'mawa. Atatero anapita kuseri kwa nyumba, ndipo kulira kwawo kunamveka bwinobwino ngakhale ankayesa kukubisa.

Chingwe chomangira kumbuyo chinali cha mbali imodzi yokha. Chinacho a Kalisto anali asanachiyambe, choncho mayi Imelda anangogwirizira nsonga ziwirizo ndi dzanja kunkhongo.

"Mayi, vulani ndikumalizireni chingwecho. Sindichedwa."

"Udzamaliza tsiku lina. Mawa akandimeta, lambayu andikulira, poti anayeza ndi tsitsi lomwe. Ndileke ndimuvale lero."

Anabwerera pakona pawo paja n'kukhala pansi, dzanja lili kunkhongo. Litatopa, anasinthira linalo.