Ubongo Wanga wa M'kompyuta

"Yang'anitsitsani apa, achimwene. Ubongo wanu ndi uwu."

Enos, mng'ono wanga, anatembenuzira kompyuta yake kwa ine. Tinali pakhonde kwathu ku Chintheche, ine ndili ndi ukonde wong'ambika pamiyendo, iye atangofika dzulo lake kuchokera ku yunivesite ya ku Joni. Pagalasipo timizere tobiriwira tinkayenda mwaulesi ngati nyanja yopanda mphepo.

Ndinkadziwa kumene anautenga ubongowo. Zaka ziwiri m'mbuyomo ananditengera ku Blantyre, nandiveka chipewa cha mawaya masiku atatu, kudikira kuti matenda anga a khunyu andigwetse. Atandigwetsa, makina anajambula zonse. Ine ndinabwerera kumudzi pa basi ndi lilime lolumidwa. Iye anakwera ndege ndi zojambulazo.

"Ndamanga ubongo wa masamu wofanana ndi wanu," anatero, maso ali waliwali. "Onani, tsopano ndiudwalitse."

Anadina batani. Timizere tija tinalusa, kukwera ndi kutsika ngati mafunde a mwera. Ndinayamba kugwa ndili Sitandade 5, ndipo bambo anandichotsa sukulu chaka chomwecho, nati mutu woti uphunzire m'banjamo ndi wa Enos. Bwato anandiletsa. Edith, amene ndinam'tomera, anabweza mawu sabata imene anandiona ndikuphupha pansi. Zonsezo ndinazipirira, koma ndinali ndisanadzionepo ndekha ndikugwa.

"Ndiye apa ndikutumiza kamphamvu ka magetsi, pang'ono chabe, pamalo pamene vuto limayambira."

Anadinanso. Nyanja ija inachita bata nthawi yomweyo.

Ndinaika ukonde pansi.

"Enos, ukandiika liti kamagetsiko m'mutumu?"

Anakanda kuseri kwa khutu. "Sizili choncho, achimwene. Ichi ndi chiyerekezo chabe. Pafunika kuyesa kaye, ndiponso madokotala ong'amba mutu. Mwina zaka khumi. Komanso sikuno ayi."

"Mapiritsi anga kuchipatala kulibe. Uno ndi mwezi wachiwiri."

"Zimenezo tiona. Koma mudziwe kuti zimene ndalembazi akuziwerenga mpaka ku Ulaya."

"Dzina langa lilimo?"

"Malamulo salola. Timakutchulani Wodwala Wachinayi."

Ndinatolanso ukonde wanga. Wodwala Wachinayi anali atachira. Ine Mackson ndinali ndi mabowo ena oti ndisoke.

M'mawa mwake anandipempha kuti ndimuperekeze kumsika, akagule nsomba zowamba zoti apite nazo. Tinaima pa benchi ya mayi Hawa, mayi wa ku Nkhotakota amene wakhala akugulitsa nsomba pamenepo zaka zambiri. Enos ankawafotokozera za ntchito yake m'Chichewa chothira Chingerezi, iwo akungogwedeza mutu uku akuingitsa ntchentche.

Mwadzidzidzi ndinamva fungo la mphira wopsa. Ndi mmene zimayambira kwa ine.

"Enos," ndinatero, "ndigwire."

Zotsatira zake sindikuzidziwa.

Nditatsegula maso ndinali chigonere chammbali pamchenga, mutu uli pachitenje chopinda. M'kamwa munali magazi. Buluku langa linali litanyowa, koma wina anali atalifunditsa thumba lopanda kanthu. Mayi Hawa anali atagwada pafupi nane, akupukuta thovu pachibwano panga ndi dzanja lawo lonunkha usipa.

"Mwabwerako, ada Mackson? Gonani kaye, musathamangire kudzuka." Kenako anatembenukira anthu. "Inu mukuonerera chiyani? Futukani, munthu apume!"

"Yewo, ama," ndinawathokoza m'Chitonga ndi lilime lolemera.

Anthu anali atatizungulira chapatali, monga amachitira masiku onse, ena atatseka pamphuno ndi nsalu, amayi akukokera ana kumbuyo. Ndinayendetsa maso pakati pa miyendo yawo, kufunafuna mng'ono wanga, munthu yekhayo m'boma lonse la Nkhata Bay amene ankadziwa dzina la kamtsempha kalikonse kamene kanandigwetsa.

Ndinamuona kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi mtengo wa mango. Chikwama cha kompyuta anachikumbatira pachifuwa ndi manja onse awiri. Anali ataimira mwendo umodzi, akukhutiza mumchenga nsonga ya nsapato yake pamene panadonthera thovu langa, kukhutiza, kuyang'ana, n'kukhutizanso.