Chala Chimodzi pa Ola

Pa 9 Febuluwale 1923, dzuwa lili paliwombo, Geresomo anaima m'madzi ofika m'mawondo kumunsi kwa mudzi ku Makhanga, wotchi ili m'manja, maso ali pabango. Bangolo analizika a Paison, apongozi ake, monga ankachitira chaka chilichonse Shire akadzaza. M'mawa madzi ankakwera zala zinayi pa ola. Tsopano ankakwera chala chimodzi.

"Mwaona, mkamwini?" anafuula a Paison ali pouma. "Mtsinje watopa. Nkhokwe isakhudzidwe."

M'nkhokwemo munali madengu makumi atatu a mapira, chakudya cha banja lonse kufikira kukolola. Pafupi panali mwadiya, bwato lalikulu la Antonio, amene ankatuta anthu kupita nawo kumtunda. Ulendo unatsala umodzi.

Geresomo anagwirapo ntchito zaka zisanu ndi chimodzi yokoka tcheni cha anthu oyeza njanji. Injiniya wina, poona kuti amakonda manambala, ankamuphunzitsa masamu otchedwa kalikyulasi nthawi yopuma. Phunziro limodzi silinamuchoke. Madzi onse a m'chigwa ali ngati mphasa zopyapyala zosanjikiza kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ukafuna kudziwa mmene akuchulukira, suwerenga mphasa zonse. Umatenga kukula kwa yapamwamba yokha. Koma pamwambapo sipaima, choncho umachulukitsa ndi liwiro limene pakukwerera. Malamulo awiriwa amayendera limodzi. Bango linkanena lachiwiri lokha.

Anatuluka m'madzi, nanjuta patali pang'ono ndi apongozi ake, n'kuyamba kulemba pamatope ndi kamtengo.

"Bambo, pepani, ndinenepo. M'mawa madzi anali m'khwawa, mayadi zana m'lifupi. Zana kuchulukitsa ndi zala zinayi, mazana anayi. Tsopano asefukira m'dimba monse mpaka kumtumbira wa njanji. Pamenepo ndinayeza ndekha, ndi mayadi zikwi ziwiri. Kuchulukitsa ndi chala chimodzi, zikwi ziwiri. Madzi akubwera kasanu kuposa m'mawa."

"Kasanu? Pamene bango likuti achepa?"

"Sanachepe, bambo, angotambasuka. Ndipo mtumbira wawatsekera, kwina kotambasukira kulibe. Kwatsala n'kukwera."

A Paison anaweramira zolembazo, ndevu zili m'manja.

"Bango ili ndinayamba kulizika inu musanamere mano. Silinandinamizepo."

"Nthawi imeneyo mtumbira kunalibe, bambo."

Atangonena anadziwa kuti wadutsa malire. A Paison anawongoka.

"Mkamwini asamakule mwendo. Mapira akachoka m'nkhokwe amanyowa m'bwato. Otsalawo akafika kumtunda, abale anjala awatha sabata imodzi. Zimenezo masamu anu aziwerengera?"

Geresomo sanaziwerengere, ndipo zinali zoona.

Mkazi wake, Jesinta, anali pakhomo la nkhokwe ndi lichero. Anagwada.

"Bambo, bwanji mutumizeko madengu khumi okha? Ngati awa alakwa, tidzawabweza."

"Iwe unakwatiwa ndi buku," anatero bambo ake. "Khala chete."

Antonio anaseka ali m'bwato, akusewera ndi mponda wake, mtengo wokankhira bwato.

"Aphunzitsi! Tikweze kapena mukhala mukulembera achule kalata?"

"Achimwene, tadikirani ola limodzi," anatero Geresomo. "Limodzi basi. Bango lidzanena lokha."

"Nkhabe, sizitheka! Ola limodzi ndine ndili nalo? Ana anga ali padenga kutsidyaku. Kwezani tsopano, kapena tsalani bwino."

Onse anayang'ana a Paison. Nkhokwe inali yawo, mudzi wawo. Geresomo analima nawo mapirawo mizere yonse, koma mkamwini alibe mawu pankhokwe ya eni. Anayang'ana manambala ake pamatope. Anali olondola, koma sakanatha kunyamula dengu ngakhale limodzi.

"Pita, Antonio," anatero a Paison.

Bwato linapita, lopepuka, litanyamula mbuzi ziwiri za mnansi.

Pa ola lachiwiri madzi anakwera chala chimodzi. Pa ola lachitatu, chala ndi theka. Pa ola lachinayi, zala zitatu, ndipo anali akunyambita miyendo ya nkhokwe. Geresomo anapitiriza kuyang'ana bango ndi wotchi.

A Paison anabwera okha, akukoka miyendo m'madzi. Sanamuyang'ane kumaso.

"Mkamwini. Afika liti pamapira?"

Geresomo anayeza mwendo wa nkhokwe ndi dzanja, nayang'ana wotchi.

"Dzuwa lisanalowe, bambo."

"Nanga Antonio?"

"Sabwera."

"Denga la nyumba lingasenze madengu angati?"

"Mitengo yake ndi yofumbwa. Anayi. Asanu lingagwe."

A Paison anaima, madzi akuwazungulira m'miyendo. Kenaka anaitana mwana wawo ndi mawu otsika.

"Jesinta, lowa m'nkhokwe. Uyambe ndi madengu a mbewu."