Dzina Lobwereka la Huda

Loweruka limenelo Mayi Esnath atatolera makope a atsikana awo, kope la Huda silinapezeke. M'malo mwake panali la mwana wina, Natsai, amene sanapondemo n'kamodzi komwe m'kalasimo. Komatu zilembo zinali za Huda, zopendekera kumanzere ngati mpanda wogwa ndi mphepo. Kunali kutatsala milungu itatu kuti sukulu zitumize mayina a olemba mayeso a Giredi 7, ndipo mwanayu anali atasintha dzina.

Kalasilo linali la kalabu ya amayi amene anaphunzira limodzi pa koleji ina ya aphunzitsi aakazi okhaokha. Ambiri anali atapuma ntchito, koma pakamwa pawo panali pasanapume. Loweruka loyamba la mwezi ankakumana mu holo ya tchalitchi ku Zengeza 1, kumwa tiyi, kuimba nyimbo ya kukoleji ndi mawu onjenjemera, n'kukangana za amene wapsereza masikono. Ma Loweruka enawo ankaphunzitsa atsikana a m'deralo kuwerenga ndi masamu, kwaulere.

Anali ndi mwambo umodzi umene sankaunyengerera. Asanakhudze kapu, wapampando wawo Mayi Sofia ankatsegula kaundula wakale wa kukoleji n'kuitana aliyense ndi dzina la pautsikana. Mu holomo munalibe "amake uje" kapena "akazi a uje". Woitanidwa ankaimirira, mawondo akalola, n'kuyankha kuti alipo. Atsikana nawonso ankawalamula kulemba dzina lawo lonse pachikuto cha kope.

Mayi Esnath anamuitanira Huda pambali. Iwo ankafunsa m'Chichewa, mwanayo n'kumayankha m'Chishona, maso ali pansi, monga achitira ana a masiku ano. Anati amayi ake anamuuza kuti azolowere dzina latsopanolo, poti chikalata cha kubadwa alibe, ndipo mayeso adzalemba ndi chikalata cha Natsai, mwana wa aneba amene anapita kukakhala kwa azakhali ake ku Joni. Kunyumba akhala akumuyesa: amayi ake akaitana kuti Natsai, iye azitembenuka. Pofotokoza zimenezi misozi inalengeza m'maso mwake.

Mtima wa Mayi Esnath unawawa kwambiri, kuposa mmene mwanayo akanadziwira.

Masana omwewo anakwera kombi ya ku Makoni, kondakitala n'kuwapatsa maswiti m'malo mwa chenji, monga zinkachitikira masiku a dola aja, ndalama zachitsulo zikusowa. Mayi Ummi, amake Huda, anawapeza pamsika akukazinga samusa, mpango uli kumutu. Analonjerana mwaulemu. Mayi Ummi atamva Chichewa anasekerera, n'kuwapukutira benchi, n'kuwakakamiza samusa ziwiri zotentha. Koma kope litatuluka m'chikwama, nkhope yawo inagwa.

Sanakane. Anafotokoza kuti iwo anabadwira pafamu, makolo awo ochokera ku Mangochi, ndipo chitupa chawo chinalembedwa kuti ndi mlendo. Cha amuna awo, a Faki, amene amasoka zovala pakhonde la sitolo, chimodzimodzi. Anamva kwa anthu kuti wa chitupa chotere akangoonekera ku ofesi, amamulembera ulendo wa ku Malawi, dziko limene iwo amangolimva m'nkhani. Ndiye zaka khumi ndi zitatu anangokhala chete. Aneba awo atawaona akusowa mtengo wogwira, anawamvera chisoni n'kuwabwereka chikalatacho.

"Sindinabe ayi, amayi," anatero Mayi Ummi. "Ndikungofuna mwana wanga alembe mayeso. Dzina ndi chiyani? Kunyumba tizimuitanabe Huda."

Mayi Esnath anapukuta mafuta kuzala pang'onopang'ono. Panali nkhani imene anaisunga zaka makumi asanu, moti ngakhale anzawo a m'kalabu, odziwa mpaka matenda a wina ndi mnzake, sankaidziwa.

"Amake Huda, ine si Esnath," anatero. "Ine ndine Julia."

Anawauza zonse. Bambo awo anachokera ku Tete kudzagwira ntchito m'minda ya fodya. Nthawi ya mayeso itakwana, kapitawo wa pafamupo, munthu wabwino mtima, anawabwereka chikalata cha mwana wake Esnath amene anali atasiya sukulu. Mayeso anakhoza, koleji anapita, uphunzitsi anagwira, zonsezo m'dzina la mwini wake. Bambo awo atamwalira, mapepala a nyumba imene anasiya ku Unit L ankanena za mwana wotchedwa Julia, ndipo iwo anayenda zaka zinayi ndi mboni kuti atsimikize kuti ndi mwana wa bambo awo. Koma chowawa kwenikweni sichinali chimenecho. Amayi awo ali m'chipatala, kutatsala pang'ono kutsirizika, anaitana kuti Julia. Zidzukulu zinayang'anana n'kufunsa kuti agogo akuitana ndani.

"Ndipo Natsai akadzabwera kuchokera ku Joni, akufuna chitupa chake, mudzamuuza chiyani?" anafunsa. "Chikalata chimodzi sichibereka ana awiri. Komanso ndi mlandu, kwa inu ndi kwa aneba anu okoma mtimawo."

Samusa zina zinapserera mupoto, Mayi Ummi osaziona. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati panali njira ina.

Njira inalipo. Lamlungu Mayi Esnath anatumiza uthenga kwa anzawo, ndipo kalabu inadzuka ngati njuchi. Mayi Sofia, amene anakhalapo mphunzitsi wamkulu ndipo sanasiye kulankhula ngati ali pa asembule, anafika kunyumba kwa a Faki ndi kabuku ka malamulo a dziko a 2013. Anawawerengera, n'kumasulira m'Chichewa chawo chothyokathyoka, kuti munthu wobadwira muno kwa makolo ochokera m'mayiko oyandikana nawo a chigawo chino, n'kumakhala muno, ndi nzika. Anati ofesi imeneyo ntchito yake ndi kulemba ana, osati kupirikitsa makolo. A Faki anavula chipewa chawo n'kuchivalanso, osakhulupirira.

Anasonkhanitsa zofunika. Khadi la kusikelo la Huda linapezeka m'chitini cha mabisiketi, lachikasu ndi ukalamba koma dzina likuwerengeka. Ku kiliniki kumene anabadwira anawapatsa kalata yotsimikiza. Aphunzitsi aakulu a pasukulu pake analemba yawo. Chikalata cha Natsai chinabwerera kwa eni ake pamodzi ndi mbale ya samusa, ndipo ubwenzi sunaonongeke.

Lachiwiri m'mawa anakaima pamzere ku ofesi yolembetsa kubadwa. Mayi Esnath anawagwira Mayi Ummi dzanja ngati mwana wa Giredi 1. Tsiku limenelo anabwezedwa, chifukwa a Faki anali atatsalira kumakina awo ndipo ankafunika kuonekera okha ndi chitupa chawo. Mayi Ummi anafuna kutaya mtima, ati mwaona nanga. Koma Mayi Sofia anadutsira pakhonde la sitolo paja, ndipo zimene anawauza a Faki palibe anazimva. Chodziwika n'chakuti Lachinayi bamboyo anali woyamba pamzere, atavala mkanjo wopitira ku mzikiti Lachisanu.

Kalaliki anawafunsa mafunso, iwo anayankha zoona zokhazokha. Palibe anatchula za basi ya ku Malawi. Anawalangizanso za mmene angasinthire zitupa zawo. Chikalata chinatuluka kutatsala masiku anayi kuti mayina atumizidwe, ndipo Huda anachiwerenga katatu ali m'kombi.

Pa tiyi wa mwezi wotsatira, kalabu inaitana makolo a atsikana onse. Mayi Ummi anaimirira n'kufotokoza okha nkhani yawo, ndipo amayi ena atatu anakweza manja mwamanyazi kuti nawonso ana awo alibe zikalata. Anawalemba mayina kuti adzaperekezedwe. Mayi Esnath anafotokozanso yawo, koyamba pagulu. Anzawo a zaka makumi anayi aja anasiya kutafuna, masikono ali m'manja.

Kenako Mayi Sofia anatsegula kaundula. Anaitana mayina mwa nthawi zonse, amayi akuimirira ndi kubuula. Atafika pa dzina la Esnath anaima, anakonza magalasi, n'kutenga cholembera.

"Julia," anaitana.

Mayi Esnath anayang'ana uku ndi uku, kudikira kuti wina ayankhe. Anali Huda amene anawakoka chovala kuchokera kumbuyo n'kuwanong'oneza, ulendo uno m'Chichewa, kuti akuitana iwo. Anaimirira mawondo akulira, misozi ikutsika osaibisa.

"Ndilipo," anayankha.

Makolo, mwana aliyense ali ndi ufulu wolembedwa m'dzina lake. Musabwereke chikalata cha mwana wina, ngakhale wobwereketsayo akukufunirani zabwino. Sungani khadi la kusikelo ndi kalata ya kuchipatala, tengani zitupa zanu, pitani ku ofesi msanga, osadikira mayeso. Ngati mukuopa, pemphani wodziwa akuperekezeni. Huda analemba mayeso ake ali Huda, ndipo sadzafunika kudikira zaka makumi asanu kuti ayankhe dzina lake.