Tisheti Yamkati ya Hildah

Hildah analibe nazo ntchito zisankho za ku America. Ngakhale za kwawo ku Ntcheu anazitaya kalekale, poti mlatho wa pamtsinje wawo aphungu akhala akuulonjeza chibadwire iye, koma pamalopo sipanafike ngakhale msomali. Tsono chaka chimenecho zisankho za ku Ohio zinamulondola mpaka ku Business Bay, kudziko la Aluya, komwe ankalera ana a Madam Jessie ndi Bwana Conrad.

Mchimwene wa Madam, a Ethan, ankapikisana nawo pa mpando wa phungu wa ku Congress. Hildah atapempha tchuthi kuti akakhale nawo pa chinkhoswe cha mwana wake Florah mu Disembala, Madam anangogwedeza dzanja, maso ali pafoni.

"Zisankho zithe kaye, Hildah. Mutu wanga sukugwira."

Basi, chinkhoswe cha Florah chinali m'manja mwa anthu a ku Ohio, anthu oti Ntcheu sanayimvepo n'komwe. Hildah anayamba kuwapempherera a Ethan kuposa mmene ankapempherera abale ake enieni.

Kunabwera katoni ya matisheti a nkhope ya a Ethan akusekerera mano onse pamtunda, ndipo Hildah analandira yake. Koma tsiku lina akutulutsa zochapa m'chikwama cha Bwana cha ku jimu, anapezamo tisheti ina. Inali ndi nkhope ya Mayi Tolliver, amene ankalimbana ndi a Ethan. Bwana anamupeza ataitambasula.

"Katayeni imeneyo," ananong'ona Bwana. "Chonde Madam asaione."

Kutaya? Tisheti yanyuwani, yakotoni weniweni? Azungu inu, Mulungu akukhululukireni! Kwawo kwa Hildah nsalu ya chipani satayira kudzala. Ndiponso tsiku la zotsatira munthu wochenjera amavala ziwiri, ina pamwamba ina mkati, chifukwa sudziwa kuti lole yodutsa ikuimba nyimbo ikhala ya ndani. Mayi ake ankatero, iyenso anakula akutero.

Zotsatira zinayamba kubwera kutangocha. Anzake a Madam anadzaza pabalaza, maso onse pa TV. Hildah ankazungulira ndi thireyi ya khofi, a Ethan pamwamba, Mayi Tolliver mkati, thukuta lili kamukamu.

Kenako a Ethan anagwa, kugwa kwake kochititsa manyazi. Hildah anadikira kuti wina akuwe kuti abera mavoti, tiyeni kukhoti. Ayi ndithu! A Ethan anaonekera pa TV n'kumathokoza wowagwetsayo ngati wawagulira mowa. Madam anadzambatuka ndi mfuu, dzanja n'kugunda thireyi, khofi wotentha khuthu pachifuwa pa Hildah.

"Vula msanga, upsa!" anakuwa Madam, n'kuikoka okha tisheti ija kudzera kumutu.

Mayi Tolliver anatulukira poyera, akumwetulira mokoma.

Madam anayang'ana nkhope ija ngati aona njoka m'bafa.

"Waitenga kuti imeneyi?"

Mtima wa Hildah unagwa. Anaona chinkhoswe chikumuthawa, ntchito ikutsatira pambuyo. Anaponya diso kwa Bwana. Bwanawo anali ataima pafupi ndi firiji ngati mbuzi yomangidwa kuseri kwa butchala, maso akupempha chifundo.

"Ku msika wa Naif, Madam, pa kaunjika," anatero Hildah. "Ndimayesa ndi mayi woimba nyimbo zauzimu."

Mlendo wina anafa ndi phwete mpaka kutsamwa. Madam sanaseke.

"Sindikufuna kukuona m'nyumba muno!"

"Zoonadi, achoke!" analumphira Bwana, mawu atabwerera mwadzidzidzi. "Apite kwawo mwezi wathunthu, akaganize bwino zimene achitazi. Tikiti ndigula ine, lero lomwe. Khalas, nkhani yatha!"

Hildah anaweramitsa mutu ngati munthu wolangidwa, poopa kuti mano angaoneke.

Chinkhoswe chinayenda bwino, ndipo Hildah anavina mpaka bondo kutupa. M'mawa mwake akusesa pabwalo atavala tisheti ya Mayi Tolliver ija, mlamu wake Gideon anaima n'kumuyang'anitsitsa.

"Alamu, mzungu ali pachifuwayu ndani?"

"Phungu wanga, wa ku Ohio."

"Aa! Ameneyu wakuchitirani chiyani inu?"

Hildah anatsamira tsache.

"Si ndili pano? Nanga wanu uja mlatho wamanga?"