Phiri Lolira Ngati Ng'oma

Foni inalira Ba Ng'andu akukonza chitseko cha bafa kunyumba kwawo ku Kabwata. Anali Mwango, mwana wawo wamkazi, namwino ku Norway. Pavidiyo ankaoneka ali paphiri loyera mbee ndi chipale chofewa, kumapazi atamanga matabwa otsetserekera, ndodo ili m'manja.

Bambowo anausa moyo. Zaka makumi awiri anakumba pansi m'migodi ya ku Copperbelt kuti mwanayu akhale pabwino, ndiye lero iye akukwera phiri kukasaka ngozi mwadala. Zinawatopetsa mumtima.

"Ba tata, muli shani? Onani, takumba kamugodi mu sinoo kuona ngati siizagumuka. Banzanga bakamba ati ili che bwino."

"Bayimvela?"

"Kumvela bwanji? Timayangana che."

"Ika foni pansi. Menya na ndodo yako iyo."

Mwango anaseka, koma anachita. Ba Ng'andu anakanikiza foni kukhutu n'kutsinzina. Kumgodi munthu sankalowa asanagogode denga ndi chitsulo: mwala wolimba umati ngwee, wofuna kugwa umalira ngati ng'oma. Chipale chofewa sanachigwirepo chibadwire. Koma Mwango atamenya kachiwiri n'kupondapo, pansi panati bufu! Kunali kulira kwa ng'oma kuja.

"Choka apo, mwana wanga. Pansi palibe chogwila."

"Ba tata, uyu si mugodi. Takwela maawala yatatu. Bazaniseka."

"Baseke. Dunstan naye anayopa kusekewa."

"Dunstan nindani?"

"Munzanga wa pa shifiti. Ninamva denga, ninamuuza kamozi chabe, nachoka. Tinamufukula pambuyo pa masiku yabili."

Dzina limenelo anali asanalitchulepo pakhomo, ngakhale kwa malemu akazi awo. Kenako Mwango anayamba kukangana ndi anzake m'chilankhulo cha kumeneko, mawu akukwera, wina akuseka.

"Nibwelela," anatero Mwango pomaliza, mawu ali ouma. "Babili bapitiliza."

"Bapase foni nikambe nabo. Chizungu cha mu mugodi nikali nacho."

"Bapita kale, ba tata."

Ba Ng'andu anakhala pansi pakhonde. Chimwemwe analibe, chifukwa awiri aja nawonso anali ana a anthu.

"Usazime foni," anatero.

Mwango anailozetsa pansi. Bambo ake anayang'anitsitsa mapazi a mwanayo akutsika pang'onopang'ono m'njira imene anakwerera, osaphethira, mpaka anakafika pamitengo.