Kokonati Wanthete wa a Venansio

Monika anagwada pafupi ndi mpando wa bambo ake atanyamula kapu, koma a Venansio anangonunkhiza n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

"Ababa, ndi madzi a kokonati amenewa. Si aja mumafuna?"

"Kokonati ameneyo ndi nkhalamba ngati ine," anayankha a Venansio, mawu akutulukira mbali imodzi ya pakamwa. "Ndati wanthete. Wobiriwira."

Sitiroko inawapezera kwawo ku Nsanje, n'kuwapha dzanja ndi mwendo wa kumanzere. Monika anakawatenga kuti azidzakhala nawo ku Ndirande, m'nyumba yake ya lendi kumtunda kwa msika. Ankawasamala, zimenezo palibe angatsutse. Ankawasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa ndi supuni. Tsiku lina atadzicheka chala pofuna kusenda nzimbe, Monika anatolera mipeni yonse pamodzi ndi chikwanje n'kuziponya pansi pa bedi lake. Kuyambira pamenepo a Venansio anangokhala munthu woti azisunthidwa kutsata mthunzi.

Kutentha kwa Okutobala kutafika, anayamba kukana chakudya, kenako tiyi, thobwa, mpaka madzi enieniwa. Namwino wa kuchipatala chaching'ono atawaona milomo, sanabise mawu: akapanda kumwa kanthu, Lolemba akagonekedwe kuchipatala chachikulu, akaikidwe diripi. A Venansio nawonso sanabise awo. Kumeneko n'kumene kunamwalirira akazi awo, ndipo iwo akakangogonako, sakabwerako. Monika ankawadziwa bambo ake. Akanena chinthu, amachitadi, ndipo zimenezi zinamuchititsa mantha kwambiri.

Koma pansi pa manthawo panali kachidwi kena kamene kankamuyabwa. Monika anakulira mu Blantyre, ndipo kokonati amene ankamudziwa ndi waubweya uja, wa maso atatu ngati nkhope ya pusi wodabwa. Mtengo wake anali asanauonepo. Bambo ake ankakonda kusimba zoti ali mnyamata anagwirapo ntchito m'minda ya kokonati kufupi ndi Kelimane ku Mozambiki, kumene ankakwera mitengo yopanda nthambi. Iye ankangoti ndi nkhani za akuluakulu, zimene zimatalika chaka ndi chaka. Tsono kokonati angakhale wobiriwira bwanji? Ubweyawo umamera liti?

Loweruka m'mawa anawasiya bambo ake pakhonde n'kutsikira kumsika. Anafunsa kwa ogulitsa zipatso, anafunsa kwa a mankhwala azitsamba, anafunsa ngakhale kwa a nsomba. Mayi wina wa nthochi anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Wobiriwira? Gulani uyu, mukamupake penti! Koma ngati muli siriyasi, pitani ku Mbayani. Kuli mnyamata wina pafupi ndi mzikiti, dzina lake Luqman. Iyeyo ndiye amaoda kwa amalole ochokera ku Mozambiki."

Monika anakwera minibasi ya m'tauni, kwinako n'kuyenda wapansi. Dzuwa linali litayamba kale kuwotcha pamene anapeza benchi ya Luqman. Panali timapaketi ta zokometsera ndiwo, adyo, jinja ndi mulu wa makokonati aubweya. Luqman mwiniwake anali wamtali, wovala kofia woyera, ndipo anamvetsera nkhani yonse akupukusa mutu pang'onopang'ono. Kenako anawerama n'kutulutsa zinthu ziwiri pansi pa benchi.

Monika anabwerera m'mbuyo. Zinali zazikulu ngati mutu wa munthu, zosalala, zobiriwira, zokhala ndi kachipewa pamwamba pomwe panali phesi.

"Achimwene, musandiseweretse. Amenewa si maungu?"

"Aliyense amatero," anaseka Luqman. "Ena amati mapapaya a ku Joni. Anandisiyira ndi dalaivala dzana, koma palibe akuwafuna. Ndinangowabisa kuti anthu asamandichedwetse ndi mafunso."

Monika ananyamula mmodzi. Kulemera kwake kunamudabwitsa. Ndiye anachita zimene munthu aliyense wa mu Blantyre amachita asanagule kokonati: anamuika pakhutu n'kumukhutchumula. Zii. Anakhutchumulanso mwamphamvu. Zii. Anatola waubweya pamulu, ndipo ameneyo anayankha msanga kuti khutchu khutchu.

"Mwamva? Uyu ali ndi madzi. Wanuyu ndi wouma."

"Mayi, ine sindikunamizani, sindinatsegulepo," anatero Luqman. "Dalaivala uja anangoti mumakhala madzi ambiri. Komatu nanenso ndinakhutchumula, osamva kanthu."

Anayang'anana, onse awiri osadziwa. Monika anakumbukira milomo yong'aluka ya bambo ake, n'kuwagula onse awiri. Anawamanga m'chitenje n'kusenza, ndipo njira yonse mtima unkamuuza kuti wanyamula mitengo.

Atafika, anapeza a Venansio akuodzera pakhonde. Sanawadzutse. Anafuna ayambe waona yekha, kuti ngati mulibe kanthu, asawakhumudwitse kawiri. Anazungulira kumbali kwa nyumba n'kuyamba kufufuza maso atatu aja kuti aboole ndi msomali. Maso panalibe. Anatenga hamala, monga amachitira ndi waubweya, koma hamala inangodunda n'kusiya kachipsera chabe. Apa Monika anapsa mtima. Analowa m'nyumba, anasolola chikwanje pansi pa bedi, anaika kokonatiyo pachitsa n'kumutema pakati ngati nkhuni. Kachitatu chikwanje chinalowa.

Madzi anatumpha n'kumuthira kumaso. Ena anayenderera pachitsa, ambiri, oyera mbee, osaleka, mpaka dothi louma la Ndirande linawamwa onse iye akuyang'ana. Monika ananyambita mlomo. Anali okoma, ozizirira, onunkhira ngati chimanga chachiwisi. Anafuna kulira.

"Wataya."

Anatembenuka. A Venansio anali atadzuka, atasuzumira kumapeto kwa khonde, maso ali gwa pachitsa. Miyezi yonseyi Monika anali asanawaone akuyang'ana chinthu motero.

"Ababa, sindimadziwa. Ndinakhutchumula, samamveka."

"Amveke bwanji ali wodzaza? Madzi amalira akapeza poyenda. Alipo wina?"

"Watsala mmodzi."

"Bwera naye kuno. Ndi chikwanjecho."

Monika anabweretsa kokonatiyo ndi chitsa chomwe, n'kuziika patsogolo pa mpando. Chikwanje anachigwirabe.

"Ndiuzeni potema, ndizitema ine."

"Ukatema iwe, timwetsanso dothi. Pamafunika kusenga mopendeketsa, pang'onopang'ono, mpaka chigoba chionekere. Zimenezo sizifotokozeka ndi pakamwa, makamaka pakamwa ngati pangapa. Ndipatse."

"Ndiye timuike mumtondo kuti asagubuduke."

"Mtondo sutembenuza. Kokonati amafuna dzanja lina lotema, lina logwira ndi kuzunguza. Lotema ndili nalo." Anayang'ana dzanja lawo lakufa lili pamwendo, kenako anayang'ana manja a Monika. "Logwira ndilibe."

Monika anayang'ana chikwanje chili m'manja mwake. Munthu amene anadzicheka posenda nzimbe, amene sanadye bwino sabata yonse, amene dzanja lake labwinolo linkanjenjemera akamakanda pamphuno, ameneyo ndiye ateme chikwanje pafupi ndi zala zake? Monika ndi telala, amadyera zala zomwezo. Akanatha kukana. Akanatha kuitana mwamuna wa nyumba yoyandikana nayo, koma nayenso kokonati wotere anali asanamuonepo. Ndipo anaona kuti akakana, bambo ake sakangana naye. Angotembenuzira nkhope kukhoma, basi, mpaka Lolemba.

Anawapatsa chikwanje, mpini kutsogolo. Anagwada n'kugwira kokonatiyo m'munsi ndi manja onse awiri.

"Tsitsa zala. Tsitsanso. Usatsinzine, uziona."

A Venansio anayesa kulemera kwa chikwanjecho. Nsonga yake inkavina m'mwamba, ndipo Monika anayamba kunena Tikuoneni Mariya chamumtima. Koma chikwanje chitatsika, kunjenjemera konse kunatha. Chinadya khungu mopendeketsa, kachidutswa n'kugwera pansi, kunja kobiriwira, mkati koyera.

"Zunguza."

Anazunguza. Chikwanje chinatsikanso.

"Zunguza."

Mphepo ya chitsulo inkamupita pa zala, koma mantha aja anayamba kuchepa, chidwi n'kutenga malo. Khungulo linali lokhuthala, lonyowa, lodzaza timaulusi tofewa. Monika anatiyang'anitsitsa.

"Ababa, kodi ubweya uja ndi umenewu?"

"Ndi womwewo. Ukauma umafiira. Amene mumagula kumsika uja ndi wovulidwa kale malaya. Zunguza, usandilankhulitse."

Thukuta linkatsika m'masaya mwawo, mpweya ukutuluka mwaphokoso. Kamodzi chikwanje chinaterereka n'kumenya chitsa pafupi ndi chala chachikulu cha Monika. Onse awiri anaima. A Venansio anamuyang'ana, ndipo m'maso mwawo munali funso limene sanalinene. Monika anabwezera dzanja pamalo pake.

"Pitirizani, Ababa."

Pamwamba pa kokonatiyo panasongoka ngati denga la nkhokwe, ndipo pansonga panaonekera kachigoba koyererako. A Venansio anatembenuza chikwanje, anagogoda ndi chidendene chake mozungulira, kenako anatsekula kachivundikiro ndi nsonga. Timadzi tinatumpha kuti tsii. Monika anasuzumira. Madzi anali atafika pakamwa penipeni, akunyezimira.

Anadzuka kuti akatenge kapu, koma a Venansio anakana ndi mutu. Anaika chikwanje pansi, anakumbatira kokonatiyo ndi dzanja limodzi n'kumutsamiritsa pachifuwa, Monika akuchirikiza pansi. Anamwa. Kholingo lawo linkakwera ndi kutsika, madzi ena akudontha mbali yakufa ya pakamwa n'kunyowetsa malaya. Monika anagwira nsonga ya chitenje kuti awapukute, koma anaisiya. Anamwa mpaka kupendeketsa mutu chagada, kenako anapuma ndi kugeya ngati mwana.

"Atsala pang'ono. Imwa, udziwe chimene unataya."

Monika anamwa akuseka, misozi ili m'maso.

"Tsopano uteme pakati monga unachitira muja. Ntchito imeneyo ndiye umaitha."

Atamutema, mkati munalibe mnofu wolimba uja wopala. Munali kanthu kofewa, koterera ngati dzira losapsa bwino. A Venansio anatola kachidutswa ka khungu pansi, anakapukuta pa thalauza, n'kuyamba kukokota nako. Anadzidyetsa okha, pang'onopang'ono, osagwetsa. Atamaliza mbali imodzi anakokera inayo.

Monika anatola chikwanje kuti akachibwezere m'nyumba, koma bambo ake anachiponda ndi phazi lawo labwino.

"Chisiye pano. Chikwanje chanji chobuntha ngati mpini? Pang'ono chikanakudula zala. Kandifunire mwala wonolera."

Monika anazungulira kuseri kwa nyumba, kumene madzi a mvula anasiya miyala. Anasankha wosalala, wokwana m'dzanja limodzi. Akubwerera anamva bambo ake akuitana, mawu opotoka koma amphamvu, akufunsa ngati m'nyumbamo mwatsala phala.