Mabawuti a Alamu

"Gwedezani muone, alamu," anatero a Gilford akugogoda ndi sipanala chitsulo chomwe anamangiramo galasi ndi mabawuti. "Ngakhale mbava singalichotsemo."

A Esau sanagwedeze. Anangoima pakhomo pa shedi yowotcherera zitsulo ya mlamu wawoyo ku Biwi. Galasi limenelo analipera okha zaka ziwiri akaweruka kophunzitsa sayansi ku Kawale, kulikhutiza pa galasi linzake mpaka linalowa m'kati ngati mbale. Linali mtima wa telesikopu, chida choonera zakumwamba, yomwe analonjeza ana a Folomu 4 kuti adzaonera pulaneti ya Mars asanalembe mayeso.

Kwa a Gilford anangopempha pokhalira pake: timiyendo titatu pansi, ndi timbedza titatu m'mbali toletsa kuti lisagwe.

"Ndinati lizikhala momasuka, alamu, pepala lizidutsa pakati pa kambedza ndi galasi. Likapanikizika limapindika, nyenyezi n'kumaoneka ngati nthenga."

"Aaa, aticha! Limachita gwedegwede ngati dzino la nkhalamba. Anthu akanati Gilford ntchito yamukanika. Geti langa linagwederapo?"

Munthu amene wakalambira pa mabagalabazi ungamuuze bwanji kuti chinthu chabwino chizigwedera? A Esau analanda sipanala n'kuyamba kumasula pang'onopang'ono. Bawuti yoyamba inamvera. Pa yachiwiri panangomveka kuti the! Mng'alu unayenda kuchokera m'mphepete mpaka pakati.

"Tingamate ndi supagulu," anatero a Gilford chapansipansi.

A Esau anaika sipanala pansi. Anakulunga galasilo m'thawulo n'kukakwera minibasi.

Kunyumba, akazi awo a Jemima, omwe zaka ziwiri zonsezo ankadandaula za mchenga woperera womwe unkadetsa pabalaza, anafunyulula thawulo lija.

"Ndi achimwene achita izi?"

"Madzi akatayika saoleka, mayi."

A Jemima analowa kukhitchini. Pa ndowa ya madzi akumwa panali galasi linzake lija, lomwe analisandutsa chivundikiro ntchito yopera itatha. Analipukuta ndi chitenje n'kuwaikira amuna awo pamiyendo.

"Ili ndi labwinobwino. Koma muzikaperera panja. Pokhalira pake mudzauze akalipentala."

A Esau anayang'ana zikhatho zawo. Zaka zina ziwiri! Ana aja adzakhala atabalalika kalekale.

"Mawa ndikawauza anawo," anatero mousa moyo.

Kenako ananyamula galasi long'aluka lija n'kukavundikira ndowa.